Ndani akubwera ku Kinder Scout Loweruka?

LOLEMBA

Mayi a Tamanda: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi pempho. Dzulo ndimachokera ku Sheffield kubwerera ku Manchester pa sitima ija yoima paliponse, yodutsa ku Hathersage ndi ku Edale. Titangotuluka mumphanga yaitali ija ndinaona mapiri asanduka a pepo mbali zonse, ngati wina wayanika zitenje kuyambira m'tsinde mpaka pamwamba. Ndakhala dziko lino la England zaka 9 koma mapazi anga amangodziwa njira ya kuntchito, ya kutchalitchi ndi ya kumsika. Tamanda anandifunsa kuti, "Amayi, kumtunda kuja anthu amaloledwa kukwerako?" Ine yankho ndinalibe. Alipo pagulu pano amene anafikako? Bwanji tipangane tsiku tipite limodzi sukulu zisanatsegulidwe?

Ankolo Angozo: Mayi a Tamanda, zikomo pofunsa. Ine mapiri amenewo ndawayenda zaka 14, ndipo nthawi zambiri ndimayenda ndekha chifukwa chosowa anzanga. Zomwe mwaonazo ndi heather, kachitsamba kolekeza m'mawondo. Chaka chonse kamaoneka kodera ngati kouma, koma mu Ogasiti kamachita maluwa, ndipo pofika pakati pa Seputembala maluwawo amakhala atafota. Ndiye mwafunsa pa nthawi yake. Malo otere eni ake amati moor. Kuti mumvetse, ganizirani dambo la kwathu, koma lili pamwamba pa phiri: pathyathyathya, popanda mtengo ndi umodzi womwe, pansi ponyowa, mphepo osaleka. Phiri lomwe munaliona kudzanja lamanja pa Edale paja ndi Kinder Scout, lalitali koposa m'dera lamapiri limeneli la Peak District, mamita 636. Sitima kuchokera pa siteshoni ya Piccadilly ku Manchester imatenga mphindi pafupifupi 45, ndipo mukatsika mumayambira pomwepo wapansi, galimoto siifunika. Ndingakutsogolereni Loweruka likubwerali.

Mphatso: Ankolo, mamita 636 okha? Ine ndinakulira ku Likhubula m'tsinde mwa Mulanje, Sapitwa ndi mamita 3,002. Ngakhale mzinda wa Lilongwe uli pamtunda woposa mamita 1,000, kutanthauza kuti munthu wokhala ku Area 25 ali pamwamba kuposa Scafell Pike, phiri lalitali koposa mu England, lomwe ndi 978. Ndikufunsa moona mtima, pali chokonzekera pamenepa? Ine ndimati ndingobwera ndi jinzi ndi nsapato zothamangira.

Ankolo Angozo: Mphwanga, manambala ako ndi oona onse. Koma jinzi usavale, ndikupempha. Ndikuuze zomwe zinandichitikira chaka changa chachiwiri. Unali mwezi wa Novembala, ndinanyamuka ku Edale dzuwa likuwala, ndinakwera kudzera m'khwawa la Grindsbrook, ndipo nditafika pamwamba ndinaganiza zodula pakati penipeni pa phiri kuti ndikafike kumathithi a Kinder Downfall mwachidule. Ndisanayende theka la ola nkhungu inatsika. Iwe wa ku Mulanje chiperoni ukuchidziwa, ndiye ganizira chiperoni chokhala ndi mphepo yokukankha. Sindimaona kupitirira mayadi khumi. Pakati pa phirilo pali makwawa ambirimbiri okumbika m'dothi lakuda, ena akuya kuposa msinkhu wa munthu, okhotakhota, onse ofanana. Umatsika, kukwera, kutsika, kukwera, osadziwa kuti ukungozungulira. Mwendo unatitimira mpaka m'bondo, jinzi inamwa madzi n'kumamatira pathupi, foni inazima chifukwa batire imatha msanga kukazizira. Ndinayamba kunjenjemera mpaka kulephera kutsegula zipi ya chikwama. Anandipeza ndi amayi awiri achikulire omwe anali ndi mapu a pepala ndi kampasi. Anandimwetsa tiyi, n'kundiveka jekete lawo lapadera, n'kunditsitsa. Ku Mulanje umakwera ndi munthu wodziwa njira, ndipo miyala ndi nsonga zimakuuza komwe uli. Pa Kinder nkhungu ikatsika palibe chizindikiro. Dziko lino lili kumpoto kwambiri, mphepo imachokera kunyanja ya Atlantic itasenza mvula, ndipo pamwamba pamazizira kuposa kuchigwa ngakhale m'chilimwe chawo. Mu Malichi 1964 anyamata atatu a gulu la Scout anafa ndi kuzizira pa mpikisano woyenda wa Four Inns, cha ku Bleaklow, phiri loyandikana nalo. Imfa zimenezo ndi zomwe zinachititsa kuti magulu opulumutsa anthu m'mapiri a kuno akhazikitsidwe mwadongosolo.

Mphatso: Ndamva ankolo. Ndipeza thalauzi lina.

Nabanda: Ndiwonjezerepo monga namwino. Chimene chimapha munthu kumapiri otere ndi kunyowa pamodzi ndi mphepo. Thonje likanyowa limachotsa kutentha m'thupi, ndiye malaya a thonje ndi jinzi siyani kunyumba. Valani zovala zingapo zopyapyala zosanjikiza, pamwamba jekete losalowa madzi. Mukaona mnzanu wayamba kulankhula mosamveka, kupunthwapunthwa kapena kungokhala chete mosiyana ndi khalidwe lake, musamusiye m'mbuyo. Muvekeni zouma, mupatseni chakumwa chotentha ndi chotsekemera. Zikavuta imbani 999, nenani kuti mukufuna apolisi, kenako pemphani Mountain Rescue. Anthu amenewa ndi ongodzipereka, salipidwa, amasiya ntchito zawo kudzakunyamulani. China ndi nkhupakupa. Kuli nkhosa, ndipo m'maudzu aatali zimapezeka. Lowetsani thalauzi m'sokosi, ndipo madzulo muwayang'ane ana kuseri kwa mawondo, m'khwapa ndi m'tsitsi. Mukaipeza ikokeni molunjika ndi kachipanira, osaipaka mafuta kapena kuiwotcha. Pakatuluka chizindikiro chofiira chomakula mozungulira, pitani kwa dokotala, angakhale matenda a Lyme.

Mayi a Tamanda: Nanga njoka, achemwali?

Nabanda: Yaululu m'dziko muno ndi imodzi yokha, adder, ndipo ndi yamanyazi, imathawa ikamva mapazi. Musaiyerekeze ndi mphiri ya kwathu. Ingouzani ana asagwire.

LACHIWIRI

Chikondi: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine nkhawa yanga si nyengo. Ndinapitapo kamodzi ku mudzi wina wa kumapiri ndi mnzanga, titalowa m'kanyumba ka tiyi anthu onse anatembenuka, ndipo tiyi uja sanandikomere. Palibe ananena choipa, koma ndinamva mumtima kuti kuno si kwathu. Komanso malo amenewa si a anthu eni ake? Ndimaona mipanda ndi zipata paliponse. Sindikufuna wina adzatikalipire pamaso pa ana kuti talowa m'munda mwake.

Aphunzitsi Ambewe: Chikondi mwana wanga, funso lako ndi lomwe Tamanda anafunsa amayi ake, ndipo yankho lake lili pa phiri lomwe tikupitali. Ndilole ndifotokoze bwinobwino. Zaka 100 zapitazo Kinder Scout anali wotsekedwa. Eni malo ankasungirapo mbalame yotchedwa grouse, yofanana ndi nkhwali, kuti anthu olemera azidzaiwombera masabata ochepa pachaka, ndipo analemba alonda a ndodo othamangitsa aliyense. Pomwepo n'kuti ku Manchester ndi ku Sheffield anthu akugwira ntchito m'mafakitale a nsalu ndi a zitsulo masiku asanu ndi limodzi, kupuma utsi, ena ambiri alibe ntchito n'komwe. Lamulungu ankakwera sitima kufuna mpweya wabwino, mapiri akuwaona ndi maso, koma osaloledwa kupondapo. Pa 24 Epulo 1932 anthu pafupifupi 400 anasonkhana pamalo ophwanyira miyala a Bowden Bridge, pafupi ndi mudzi wa Hayfield. Amene anawalankhula anali mnyamata wa zaka 20, Benny Rothman wa ku Manchester, mwana wa Ayuda ochokera ku Romania. Anakwera kudzera ku William Clough, anakankhana ndi alonda a Duke of Devonshire, mmodzi wa eni malo olemera aja, mlonda mmodzi anavulala, ndipo pamwamba anakumana ndi anzawo ochokera ku Sheffield. Potsika apolisi anali akudikira. Asanu anaikidwa m'ndende, kuyambira miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi, Rothman analandira inayi. Chilangocho chinakwiyitsa anthu ambiri, ngakhale magulu oyenda m'mapiri omwe poyamba sanagwirizane ndi anyamatawo. Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Lamulo la malo otetezedwa linabwera mu 1949, ndipo mu 1951 Peak District inakhala paki yotetezedwa (national park) yoyamba m'dziko lonse la Britain. Mu 1965 anatsegula njira ya Pennine Way, ya mamailosi 268, yoyambira pa Edale pomwe tidzatsikirepo mpaka ku Kirk Yetholm ku Scotland. Lamulo lopereka ufulu woyenda paliponse m'mapiri ndi m'ma moor olembedwa pamapu linadutsa mu 2000. Ndipo mu 2002, pokumbukira zaka 70, Duke of Devonshire wa nthawiyo anaimirira pa Bowden Bridge pomwepo n'kupepesa pagulu chifukwa cha zomwe agogo ake anachita. Choncho ukamakwera Loweruka sukupempha chifundo cha munthu. Lamulo silifunsa kuti unabadwira kuti, ndipo amene anatsegula chipatacho anali anthu a ntchito zolemetsa ngati ife, mtsogoleri wawo mwana wa obwera.

Chikondi: Aphunzitsi, izi sindinazimvepo. Ndiye mipanda ija?

Ankolo Angozo: Mipanda ndi ya nkhosa. M'munsi, m'minda ya alimi, timatsata njira yokhala ndi chikwangwani, ndipo chipata timachisiya momwe tachipezera. Tikadutsa mpanda womaliza n'kufika pathengo, pamenepo ndi pomwe pali ufulu uja. Za kuyang'anidwa sindikunamiza, zimachitika, makamaka m'midzi. Koma pa njira pamwamba ndaona zosiyana. Anthu amene mu tawuni sangakupatse moni, kuphiri amakupatsa, ndipo amakuuza komwe kuli matope. Sitili tokha ayi. Ku Sheffield kuno kuli gulu la abambo akuda lomwe linayamba kuyenda m'mapiriwa mu 2004, ndipo ku Manchester Rhiane Fatinikun anayambitsa Black Girls Hike mu 2019. Ndakumana nawo kangapo pa phiri la Mam Tor.

Mphatso: Nkhani ya aphunzitsiyi yandigwira. Kwathu ku Mulanje ndi ku Thyolo umakula ukuona minda ya tiyi yobiriwira kufika komwe maso alekeza, pomwe makolo ako akulima kachigawo kosakwana ekala m'mbali mwa phiri. Agogo anga ankanena za thangata. Sindinkadziwa kuti azungu osauka nawonso ankathamangitsidwa ndi azungu anzawo pa dziko lawo lomwe.

Aphunzitsi Ambewe: Ndi choncho, ndipo nkhaniyo sinathe. Ufulu woyenda paliponsewu ukukhudza pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a nthaka ya England. Kwinako ndi njira zokhazokha kapena kotsekedwa. Ku Scotland ndi kosiyana, lamulo lawo la 2003 linatsegula pafupifupi paliponse bola uyende mwaulemu.

Nyagondwe: Ine ndine wa ku Rumphi, ndipo nditaona zithunzi za ma moor koyamba ndinalira, chifukwa ndi Nyika weniweni: zitunda zozungulira, udzu, nkhungu, chisanu m'mawa. Koma kwathu nkhani inayenda mobwerera. Paki ya Nyika itakulitsidwa mu 1978 mabanja ambiri anasamutsidwa, ena a kwathu anali m'gulumo, ndipo manda a makolo anatsala mkati. Kuno paki inabwera kuti anthu alowe, ndipo alimi anatsala m'minda yawo. Ndibwera Loweruka, ndikufuna ndikaone ndi maso.

LACHITATU

Bambo a Yankho: Ine ndikubwera ndi ana awiri. Ndili ndi kambaula kotaya kaja, ndingatenge nyama tikaotche kanyenya pamwamba?

Thoko: Ayi bambo, chonde, mbaula isabwere. Pepani ndalankhula mwamphamvu, koma iyi ndi nkhani yomwe ndikuphunzira ku yunivesite ku Leeds ndipo ndakhala ndikupita kukadzipereka kumapiriko. Dothi lakuda lomwe ankolo anatitimiramo lija amati peat. Si dothi wamba. Ndi ndere ndi zomera zomwe zinafa koma sizinawole chifukwa chokhala m'madzi, zikungosanjikizana pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pachaka. Mita imodzi ndi zaka 1,000. Pa Kinder pali malo pomwe ndi lakuya mamita awiri kapena atatu. Likauma limayaka ngati makala, ndipo moto wake umalowa pansi, kumayenda mobisika masiku ambiri, n'kukatulukira kwina. Mu Juni 2018 Saddleworth Moor inayaka kwa masabata, utsi unafika mu Manchester, asilikali anachita kuitanidwa. Mu Epulo 2019 Marsden Moor inapsa chifukwa cha mbaula yootchera nyama ngati yomweyo. Inali nthawi yomwe mbalame zili pamazira pansi.

Bambo a Yankho: Ndamva mwana wanga, sindimadziwa. Tidzatenga mandasi ndi mbatata yophika.

Mphatso: Koma Thoko, ine ndinadutsa pa msewu wa m'mapiri wa Snake Pass mwezi wa Malichi ndipo ndinaona anthu akuyatsa okha thengo, utsi tolo. Komanso ukayang'ana mapiri ena amaoneka ngati nsalu ya zigamba. Ngati moto ndi woipa, iwowo amayatsiranji?

Thoko: Amenewo ndi osamalira malo osakira grouse. Mbalameyi imadya nsonga zanthete za heather koma imabisala ndi kuikira mazira mu heather wamkulu, ndiye amatentha tizigawo ting'onoting'ono mosinthanasinthana kuti pakhale zonse ziwiri. Zigamba munazionazo ndi zimenezo. Kusaka kumayamba pa 12 Ogasiti mpaka pa 10 Disembala. Ine ndikutsutsana nako kutenthaku pamalo a peat wakuya, chifukwa kumaumitsa pamwamba ndi kupha ndere zomwe zimapanga peat. Kuyambira 2021 boma linaletsa kutentha pa peat wakuya m'malo otetezedwa popanda chilolezo. Palinso nkhani yowawa ya mbalame zodya zinzake, makamaka hen harrier, zomwe zakhala zikuphedwa mobisa chifukwa zimagwira anapiye a grouse, ngakhale lamulo limaziteteza.

Ankolo Angozo: Thoko akunena zoona, koma ndiikepo mbali ina, chifukwa ndacheza nawo anthu a ntchito imeneyi. Iwo amati heather akakula osadulidwa amasanduka nkhuni, ndipo moto wangozi ukabwera m'chilimwe umakhala woopsa koposa. Ife a kumudzi mfundo imeneyi tikuidziwa, kutentha msanga udzu usanaumitsitse, ndipo pa lupsa ndi pomwe pamaphuka msipu. Amatinso chifukwa amachepetsa nkhandwe ndi akhwangwala, mbalame zoikira pansi monga curlew zimaswana bwino m'malo awo. Ndipo m'midzi ina ntchito ndi yomweyo.

Thoko: Za curlew sindikukana ankolo. Koma njira yochepetsera moto ndi kubwezeretsa madzi, chifukwa dambo lonyowa silipsa msanga. Ndipo Kinder ndi umboni. Inu munaliona kale, linali bwanji?

Ankolo Angozo: Linali lakuda bii. Pamwamba ponse ngati pogwetsera makala, popanda chomera, ukaponda fumbi lakuda kapena phala.

Thoko: Chinachititsa ndi utsi wa malasha wa m'mafakitale a Manchester ndi matawuni ozungulira, kwa zaka zoposa 150. Unkagwa ndi mvula ngati asidi n'kupha ndere zotchedwa sphagnum. Kuwonjezera nkhosa zochuluka ndi moto, peat anatsala pamtunda, mvula n'kumamukokolola kupita m'madamu. Bungwe losamalira malo la National Trust linatenga phirili mu 1982, ndipo bungwe la Moors for the Future, lomwe lili pa Edale pomwepo, linayamba mu 2003. Anatchinga mpanda kuti nkhosa zisalowe, anamwaza laimu ndi mbewu za udzu ndi helikopita, anayala heather wodula kuti nthaka isauluke, anatseka makwawa ndi timadamu tamiyala ndi tamatabwa, kenako n'kubzala sphagnum ndi manja, kachidutswa kamodzikamodzi. Ine ndabzalako, mawondo m'madzi tsiku lonse. Ndere imeneyi imasunga madzi ochuluka mpaka kuwirikiza 20 kulemera kwake. Ndiye mvula ikagwa simathamangira kumidzi ya kumunsi nthawi imodzi, ndipo kaboni yemwe ali mu peat amakhala pansi osapita mumlengalenga. Loweruka ndidzakuonetsani timadamuto.

Nabanda: Sphagnum ameneyo ife a zachipatala timamudziwa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse thonje litasowa ankamutola m'mapiri n'kumangira mabala a asilikali, chifukwa amamwa magazi ndi mafinya bwino ndipo salola tizilombo kuswana msanga. Sindinamuonepo ali wamoyo. Thoko udzandionetse.

LACHINAYI

Mayi a Tamanda: Tamanda akufunsa kuti tidzaona nyama zanji. Wakonza kale kope lolembamo.

Ankolo Angozo: Muuzeni mdzukulu wangayo kuti asayembekezere za ku Liwonde. Nyama za kuno zimafuna maso odekha. Grouse adzaiona ndithu, imadzambatuka pafupi ndi mapazi ikulira mokalipa, eni ake amati imanena kuti bwerera, bwerera. Yaimuna ili ndi kofiira pamwamba pa diso. Kuli kalulu wa kumapiri yemwe mu England yense amapezeka kuno ku Peak District kokha, anachita kubwera naye kuchokera ku Scotland zaka za m'ma 1800. Panopa ndi wotuwa, ovuta kumuona, koma m'nyengo yozizira amasanduka woyera, ndipo chaka chopanda sinowo amaonekera patali pa dothi lakuda. Curlew, ya mlomo wautali wopindika, tamuphonya, imabwera mu Malichi kudzaswa ndipo pofika Julayi imatsikira kunyanja. Kulira kwake tidzabwerere mu Epulo, ndi chinthu chomwe sindingathe kukufotokozerani pa foni. Koma alembe izi: kambalame kotchedwa wheatear, koyera kumchira, kokonda kuima pamiyala, masabata akubwerawa kanyamuka ulendo wodutsa chipululu cha Sahara kupita ku Africa. Anamzeze omwe tidzawaone pamawaya a pafamu ya Upper Booth amakafika mpaka ku South Africa. Ndipo atenge kabokosi, ma bilberry akadalipo, tizipatso takuda totsekemera mowawasira.

Nasibeko: Moni nonse kuchokera ku Kendal, ku Cumbria, m'mphepete mwa mapiri a Lake District. Loweruka ndili pa shifiti, koma ndikufuna ulendo wotsatira mubwere kuno. Kuno sanena moor kwambiri, amati fell, mawu omwe anasiya anthu a ku Scandinavia amene anakhazikika kuno zaka zoposa 1,000 zapitazo. Mapiri ake ndi osongoka ndi amiyala kuposa anuwo, m'munsi muli nyanja. Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira kuli agogo ena omwe anali mbusa moyo wawo wonse, ndipo usiku akasowa tulo amandisimbira za nkhosa za Herdwick. Zimabadwa zakuda, zikamakula zimatuwa, nkhope n'kuyera. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti pamwamba pa mapiri palibe mipanda, alimi ambiri amadyetsa pa malo amodzi a onse, koma nkhosa za famu iliyonse zimadziwa mbali yawo ndipo sizichokapo. Mwana amaphunzira kwa make, make anaphunzira kwa make, mibadwomibadwo. N'chifukwa chake famu ikamasintha mwini nkhosa zimatsala, sungazitenge. Agogowo akafika pa chaka cha 2001, pomwe matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anachititsa kuti ziweto zambiri ziphedwe ku Cumbria, amagwetsa misozi. Amati nkhosa ungagule zina, koma ndani adzaziphunzitse phiri? Ulimi umenewu ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe UNESCO inalembera Lake District m'kaundula wake mu 2017. Ndipo inu a ku Manchester madzi ambiri omwe mumamwa amachokera kuno, ku nyanja za Thirlmere ndi Haweswater. A ku Thirlmere anayamba kufika kwanuko mu 1894, amayenda okha motsetsereka mamailosi oposa 90.

Nyagondwe: Achemwali, zimenezi zandikumbutsa ng'ombe za abambo anga, madzulo zinkabwera zokha kukhola popanda wozikusa. Muwapatse moni agogowo.

Ankolo Angozo: Tidzabwera Nasibeko, tidzayambe ndi kaphiri ka Catbells kuti ana akwanitse. Tsopano dongosolo la Loweruka. Tikumane pa siteshoni ya Edale 9 koloko, aliyense aone yekha nthawi ya sitima yake usiku wa Lachisanu. Chifukwa tili ndi ana sitidzera ku Grindsbrook kokwawa pamiyala. Titsata Pennine Way kudutsa Upper Booth mpaka pa kamlatho kamiyala, kenako masitepe a Jacob's Ladder. Njira imeneyo ndi yakale, ankadutsamo ndi mahatchi osenza mchere ndi ubweya. Pamwamba tikafika pa chipilala choyera cha Kinder Low, mamita 633, tidzaona nyengo. Kukakhala bwino titsata m'mphepete mpaka ku Downfall, mathithi a mamita 30 omwe mphepo ikalimba madzi ake amabwerera m'mwamba. Kukaipa tibwerera momwe tadzera, ndipo ndikanena kuti tibwerere pasakhale mkangano. Pakati pa phiri sitidutsa. Madzi lita imodzi ndi theka aliyense, chipewa, magolovesi, jombo kapena nsapato za mapazi okhakhala. Zinyalala zonse, ngakhale makoko a nthochi, tibwerera nazo. Wobwera ndi galu amugwire pachingwe chifukwa cha nkhosa.

Chikondi: Ndilembeni. Ndibwera ndi mng'ono wanga.

LAMULUNGU

Mayi a Tamanda: Mwadzuka bwanji apaulendo anzanga. Miyendo ikuwawa koma mtima uli mbee. Tinali anthu 17, wamng'ono zaka 7. Kwa amene simunabwere: pa Jacob's Ladder ndinapuma kasanu, ndipo ankolo sanandifulumizitse ngakhale kamodzi. Titafika cha ku Kinder Low mitambo inang'ambika pang'ono, ndipo kumadzulo ndinaona damu pansi pathu, kutali uko nyumba zazitali za Manchester zitaima ngati timitengo. Ndinaima nthawi yaitali. Zaka 9 ndakhala mkati mwa timitengo timeneto, mapiriwa ndikuwaona pawindo la basi, osadziwa kuti ndingathe kuimapo. Tamanda walemba grouse zinayi, wheatear mmodzi, khwangwala wamkulu, nkhosa zosawerengeka, ndipo lilime lake likadali lakuda ndi ma bilberry.

Mphatso: Ankolo, ndikuthokozeni pagulu. Mvula ija itatipeza pamwamba, mphindi khumi zokha manja anga anauma osatha kumanga chingwe cha nsapato, mu Ogasiti. Mutanena kuti ku Downfall sitipita ndinadandaula mumtima, koma nditacheuka n'kuona nkhungu yameza chipilala chomwe tinali titangochokapo ndinamvetsa. Ndikufuna mundiphunzitse mapu ndi kampasi.

Ankolo Angozo: Ubwere Lachitatu madzulo ukaweruka, tiyambire patebulo. Downfall sathawa, ndipo amakoma kukagwa mvula yambiri.

Nabanda: Thoko anandipatsa sphagnum m'manja, ndinafinya, madzi anatuluka ngati siponji, oyera. Tinamubwezera pamalo pake. Makolo musaiwale kuyang'ana nkhupakupa lero, ndapeza imodzi pa mwendo wa mwana wanga ndipo ndaichotsa bwinobwino.

Nyagondwe: Kuseri kwa timadamu tija kunali madzi odekha ndi zobiriwira, pomwe ankolo amati kale kunali kwakuda. Ndinajambula n'kutumizira achimwene anga ku Rumphi osanena kuti ndi kuti. Ayankha kuti, "Wabwera liti ku Chelinda osatiuza?"

Chikondi: Ine ndinawerenga anthu amene anatipatsa moni panjira, ndinasiyira pa 30. Bambo wina wachikulire pa kamlatho paja anafunsa komwe tachokera, nditati Malawi anati mwana wake anagwirapo ntchito pachipatala ku Zomba, ndipo tinacheza mpaka gulu linandisiya. Pobwera tinalowa m'nyumba ya tiyi pa Edale tonse 17 ndi matope athu. Ena anatembenuka, ine ndinakhala pansi n'kuitanitsa tiyi wanga. Aphunzitsi, ulendo wina tidzayambire ku Hayfield, ndikufuna ndikaone pa Bowden Bridge.

Aphunzitsi Ambewe: Tidzatero mu Epulo, pali chikwangwani chachitsulo pamwala chokumbukira tsikulo, ndipo curlew adzakhala atabwera. Tidzakwera William Clough momwe anadzera iwo.

Bambo a Yankho: Wina wasiya fulasiki yobiriwira pa benchi ya pasiteshoni, ili ndi ine. Ankolo, mwati mu Okutobala kuli chiyani?

Ankolo Angozo: Big Moor, kufupi ndi Sheffield. Kuli agwape akuluakulu ofiira, ndipo mwezi umenewo amphongo amabangula polimbirana zazikazi, timawaonera patali. Pomwepo palinso miyala yoimikidwa mozungulira ya anthu a zaka zoposa 3,000 zapitazo. Njira yake ndi yosakwera kwambiri, ngakhale agogo angayende. Amene muli pa mashifiti tumizani masiku omwe muli omasuka pofika Lachisanu kuti tisankhe.

Nasibeko: Ine Loweruka lachiwiri la Okutobala ndili pa ofu. Fulasikiyo ndi ya Nabanda, ndinamugulira ndine.